Kodi Makina Owerenga Nsomba Mumtsinje Amayesedwa Bwanji?

Mlimi aliyense amene anagulitsapo chimanga kapena soya amadziwa kuti nambala ya pasikelo imakhala yoona pokhapokha ngati sikeloyo inayesedwa. N'chifukwa chake bungwe la Malawi Bureau of Standards limayendera masikelo a amalonda. Akatswiri a za nsomba nawonso ali ndi sikelo yawo yofunika kuyesa: makina amene amaikidwa mumtsinje kuti azizindikira nsomba zimene zinaikidwa chizindikiro. Makinawa saona nsomba iliyonse yodutsa, ndipo amene sakudziwa kuchuluka kwa zimene amaphonya angathe kulengeza kuti nsomba zafa pamene zili zamoyo. Ntchito yoyesa makinawa inazika mizu kwambiri pa mtsinje wa Columbia ndi mtsinje wa Snake umene umathira mu Columbia, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la United States.

Nsomba zimene zimalondoledwa kumeneko ndi salimoni. Zimaswedwa kumtunda kwa mitsinje, zimatsikira kunyanja yamchere ya Pacific zikadali zazing'ono, kenako zimabwerera zitakula kudzaikira mazira komwe zinaswedwera. Ulendo wake ukufanana ndi wa mpasa wathu, umene umachoka m'nyanja ya Malawi n'kukwera mitsinje monga Bua ndi North Rukuru kukaswana. Kusiyana kwake n'kwakuti salimoni yochokera kumtunda kwa Snake imadutsa madamu asanu ndi atatu opangira magetsi, kuyambira la Lower Granite mpaka la Bonneville, isanafike kunyanja. Mu 1991 boma la dzikolo linaika mtundu wina wa salimoni ya mu Snake pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yoti zitha. Kuyambira pamenepo funso lakuti ndi nsomba zingati zimene zimafera pa damu lililonse lakhala likukhudza ndalama, magetsi, madzi othirira mbewu, asodzi, mitundu ya eni nthaka imene ili ndi ufulu wosodza m'mitsinjeyi, ngakhalenso milandu ya kukhoti.

Chizindikiro chimene amagwiritsa ntchito chimatchedwa PIT tag. Ndi kabotolo kagalasi kotalika pafupifupi mamilimita 12, kongokulirapo pang'ono kuposa kambewu ka mpunga, ndipo amakalowetsa m'mimba mwa nsomba ndi jakisoni. Kalibe batire. Nsomba ikadutsa pafupi ndi eriyo, yomwe ndi waya wozungulizidwa woikidwa m'madzi, mphamvu yochokera ku eriyoyo imadzutsa kachizindikiroko ndipo kamatumiza nambala yake, imene nsomba ina iliyonse ilibe. Zizindikirozi zinayamba kugwiritsidwa ntchito m'chigwa cha Columbia m'zaka za m'ma 1980, ndipo nambala zonse zimasungidwa m'nkhokwe ya pakompyuta yotchedwa PTAGIS.

Kusowa kwa batire ndi ubwino, pakuti chizindikiro chimakhala moyo wonse wa nsomba, koma ndi pomwenso pagona vuto. Eriyo imamva chizindikiro pamtunda waufupi, nthawi zambiri wosafika mita imodzi. Mtsinje ukadzaza, nsomba imatha kudutsa pamwamba kapena m'mbali osamveka. Ikadutsa mothamanga, kapena itapendekeka mwa njira ina, nambala imalephera kuwerengeka. Nsomba ziwiri zikalowa pa eriyo nthawi imodzi, nambala zawo zimasokonezana ngati anthu awiri olankhula pamodzi. Makina ena amagetsi apafupi amasokonezanso. Ndipo pa damu nsomba yaing'ono ili ndi njira zingapo: ikhoza kulowa m'ngalande yolambalala imene muli maeriyo, kudutsa m'makina opukusa magetsi, kapena kugwa ndi madzi otayidwa pamwamba pa damu.

Njira yoyamba yoyesera ndi yapafupi. Ogwira ntchito amamangirira zizindikiro zodziwika ku timitengo kapena zoyandama, n'kuzidutsitsa pa eriyo kambirimbiri, ndi kuwerenga kuti zamveka kangati. Pamalo ambiri pamakhalanso chizindikiro choyesera chimene chimalira pa nthawi yoikika, kotero kuti chikasiya kumveka akatswiri amadziwa kuti makina awonongeka. Njirayi imaonetsa ngati eriyo ili bwino, koma kamtengo sikasambira ngati nsomba. Kamapita kumene munthu wakaponya, pamene nsomba imasankha yokha podutsa.

Njira yodalirika imagwiritsa ntchito nsomba zenizenizo, ndipo imafuna malo owerengera awiri kapena kuposa, ena kumtunda ena kumunsi. Tiyerekeze kuti nsomba 1,000 zaikidwa zizindikiro n'kutayidwa mumtsinje. Pa damu loyamba makina amva 400. Wopupuluma anganene kuti 600 zafa. Koma pa damu lachiwiri, kumunsi, makina amva 300, ndipo poyang'ana nambala zake zapezeka kuti 150 zokha ndizo zinamvekanso pa damu loyamba. Nsomba 300 zonsezo zinadutsa pa damu loyamba zili zamoyo, popeza njira ndi imodzi. Ndiye kuti makina a pa damu loyamba amamva theka lokha la nsomba zodutsa. Ngati 400 ndi theka, zimene zinafika pa damu loyamba ndi pafupifupi 800, ndipo zimene zinatayika m'njira ndi 200, osati 600. Makina ndi omwewo, nambala ndi zomwezo, koma chigamulo chokhudza damulo chasintha kotheratu.

Masamu amenewa, atakulitsidwa kuti akwanire madamu ambiri, amadziwika ndi mayina a akatswiri atatu amene anawakonza mu 1964 ndi 1965: Cormack, Jolly ndi Seber. Amafuna kuti zinthu zina zikhale zoona: kuti chizindikiro sichinatuluke m'thupi mwa nsomba, komanso kuti nsomba imene inamveka kumtunda ili ndi mwayi wofanana ndi inzake imene sinamveke. Amatulutsanso yankho lokhala ndi malire, osati nambala imodzi yokhazikika, ndipo makina akamamva nsomba zochepa malirewo amatalikirana. Pa chifukwa ichi, lipoti lonena za nsomba zimene zinapulumuka koma losatchula gawo limene makina amamva liyenera kulandiridwa mosamala, monga momwe wogula amachitira ndi sikelo yopanda chidindo.

Pali mfundo imodzi yovuta: malo omaliza alibe owayesa. Kumunsi kwa Bonneville kulibe damu lina, choncho nsomba yosamveka pamenepo siingadziwike ngati inafa kapena inangophonyedwa. Pofuna kutseka mpata umenewu, akatswiri amakoka khoka ndi maboti awiri kufupi ndi mathiriro a Columbia. Khokalo ndi lotseguka kumapeto, ndipo potulukira pake pali eriyo, kotero nsomba zimawerengedwa n'kupitirira osagwidwa. Amapitanso pa chilumba cha East Sand, pamene mbalame zodya nsomba zimamanga zisa, kukafufuza zizindikiro zimene zinatsalira pansi mbalamezo zitadya. Ngakhale nsomba yodyedwa imapereka umboni wakuti inadutsa madamu onse ili yamoyo. Pachilumbapo amayambanso amwaza dala zizindikiro zodziwika, kuti adziwe gawo limene makina ofufuzira amalephera kupeza mumchenga.

Gawo limene makina amamva silikhala limodzimodzi chaka chonse, ndipo liyenera kuyesedwa nyengo iliyonse. Nsomba zikuluzikulu zobwerera kumtunda zimadutsa m'makwerero opapatiza omangidwa m'mbali mwa damu, ndipo kumeneko pafupifupi zonse zimamveka. Zazing'ono zotsika ndizo zimavuta. Pamene oyendetsa madamu anayamba kutaya madzi ambiri pamwamba pa damu pofuna kuthandiza nsombazi, zambiri zinasiya kulowa m'ngalande za maeriyo, ndipo chiwerengero cha zomveka chinatsika: njira yopulumutsira nsomba inachititsa khungu makina oziwerengera. Izi zinachititsa kuti pa damu la Lower Granite akwirire maeriyo mu simenti ya pamalo amodzi otayira madzi, pamene madzi amathamanga kwambiri, ndipo anayamba kuwerenga nsomba mu 2020.