Luangwa, Mtsinje Wosatchingidwa

Wochoka ku Petauke kulowera ku Lusaka amadutsa pa Nyimba pomwe amayi amagulitsa nthochi, kenaka msewu umakhotakhota m'mapiri mpaka pamlatho wa Luangwa, womangidwa mu 1968. Ambiri amatsikirapo kugula nsomba zouma basi. Ine ndimafuna aziyang'ananso pansi pa mlathowo.

Madzi a pansi pa mlathowo achokera kutali, kumapiri a Mafinga kufupi ndi malire a Malawi. Akatsika m'mapirimo amayenda pang'onopang'ono m'chigwa, mmunsi mwa mapiri a Muchinga. Dzinja lililonse mtsinje umasefukira, kugumula gombe uku, kuunjika mchenga uko, mpaka kusintha njira. Njira yakale imasanduka thamanda, ndipo mathamandawa ndiwo amasunga nyama m'chilimwe: mvuu zothithikana, ng'ona, njovu ndi njati. Mtundu wa nyamalikiti wotchedwa Thornicroft supezeka kwina kulikonse padziko lapansi, koma m'chigwa chino chokha.

Kufupi ndi Nyimba mapiri amaupana mtsinjewo, mtsinje wa Lunsemfwa n'kuthiramo madzi ake, ulendo wa ku Zambezi.

Kupanikizika kumeneku ndiko kudakopa ofuna kumanga damu la magetsi pa Ndevu Gorge. Boma la Zambia lidaimitsa ganizoli mu 2019, ndipo ndikuti lidachita bwino, chifukwa damu likadamiza minda, midzi ndi malo odyera nyama. Inu a ku Nyimba ndi Petauke, nkhaniyi ikadzabukanso, musadzakhale chete pamisonkhano ya mafumu.