Wosewera akagwada nyimbo ya fuko ili mkati, chimapweteka masapota n'chiyani?

Kuno kwathu kugwada ndi ulemu. Mtengwa amagwada popereka madzi kwa apongozi ake, mwana woleredwa bwino amagwada agogo akamuitana, ndipo m'tchalitchi ngakhale mumzikiti anthu amafika pansi akafuna kulankhula ndi Namalenga. N'chifukwa chake osewera a English Premier League atayamba kugwada mpira usanayambe mu June 2020, munthu woonera m'shedi ya vidiyo ku Linga, ku Chia kapena ku Dwangwa zikanamuvuta kuona cholakwika.

Koma ku America bondo lomwelo linathetsa ntchito ya munthu. Colin Kaepernick anali katswiri wa timu ya San Francisco 49ers ndipo anaifikitsa mu fainolo ya Super Bowl mu 2013. Mu August 2016 anayamba kukhala pansi nyimbo ya fuko ikamaimbidwa, podandaula ndi nkhanza zomwe apolisi amachitira anthu akuda. Msilikali wina wakale, Nate Boyer, anamulangiza kuti kugwada kuli ndi ulemu kusiyana ndi kukhala pansi, iye n'kumvera. Masapota ambiri sanaone ulemu uliwonse. Anamukuwiza, ena anawotcha majezi a dzina lake, ndipo mu September 2017 Pulezidenti Donald Trump anauza eni matimu kuti azichotsa ntchito osewera ogwada. Chitathereni sizoni ya 2016, palibe timu ya NFL yomwe inamulembanso ntchito.

Wina angati izi nzakutali, ife zikutikhudza pati? Zikutikhudza. Temwa Chawinga akusewera ku America komweko, m'timu ya Kansas City Current, mu ligi yomwe osewera ake ambiri anagwada nyimbo ya fuko ikuimbidwa mu June 2020. Komanso osewera athu a Flames ndi Queens akhala akuopseza kunyanyala kangapo konse chifukwa cha ndalama za alawansi. Tsiku lina mmodzi wa iwo atatenga dandaulo lake n'kupita nalo pamzere wa nyimbo ya fuko pa Bingu National Stadium, ife tidzatani?

Chifukwa choyamba chomwe masapota amakwiyira n'chakuti nyimbo ya fuko amaitenga ngati chinthu chopatulika. Ya ku America mawu ake analemba Francis Scott Key mu 1814 ataona nkhondo ya pa Fort McHenry, ndiye kwa anthu ambiri kumeneko nyimboyo ndi ya asilikali omwe anafera dziko. Wogwada amaoneka ngati waponda manda. Yathu, yomwe anapeka Michael Sauka ndipo inasankhidwa mu 1964, ndi pemphero lenileni. Tinakula tikuiimba pa asembule m'mawa, manja ali m'mbali, aphunzitsi akuyang'ana amene akugwedezeka. Munthu woleredwa chotero akaona wina akuchita zake nyimbo ili mkati, amamva ngati wina wayatsa wailesi pamaliro.

Chachiwiri, sapota amapita kumpira kukapuma. Msodzi amene wachezera usiku wonse panyanja n'kubwera ndi usipa wosadzadza ndowa, kapena wodula nzimbe amene wakhala padzuwa sabata yathunthu, akalipira pageti pa Chitowe amafuna mphindi 90 zoiwala mtengo wa feteleza ndi mafuta. Pabwalo la mpira ndi pamalo pomwe wa chipani ichi ndi wa chipani icho, Msilamu ndi Mkhristu, amakumbatirana chigoli chikalowa. Usiku wa pa 25 January 2022, Gabadinho Mhango atagoletsa chigoli chakutali chija pokumana ndi Morocco, palibe anafunsa mnzake kuti anavotera ndani. Sapota amaopa kuti ndale zikalowa pageti, malo otere atha.

Chachitatu ndi nkhani ya jezi. Wosewera akavala yunifolomu ya dziko amakhala mthenga wa tonse, ndipo masapota amati mthenga sawonjezera zake pa uthenga. Malamulo amasewero nawo amaima pomwepo. Lamulo 4 la mpira wamiyendo limaletsa mawu andale pa zovala za osewera, ndipo Lamulo 50 la Olympics limaletsa zionetsero zandale pamalo opikisanirana ndi polandirira mamendulo.

Chachinayi sichikambidwa poyera koma chilipo: kaduka. Sapota amayang'ana galimoto ya wosewera n'kunena kuti iwe ukudya bwino, ukulira chiyani? Amaiwala kuti amene ali ndi dzina ndiye amamveka. Msodzi wa ku Chia atagwada pagombe tsiku lonse, kamera ingapiteko?

Zifukwa zinayizi zili ndi mutu, ndipo munthu wozinena si chitsiru. Komabe mbiri ikuonetsa kuti pali chachisanu, chomwe chimaposa zonse. Nthawi zambiri chimawawa masapota ndi uthengawo, nyimbo imangokhala chobisalirapo. Pa 21 November 2022 ku Qatar, osewera a Iran anangokhala duu nyimbo ya dziko lawo ikuimbidwa asanakumane ndi England, pogwirizana ndi amayi omwe ankachita zionetsero kwawo. Maiko a azungu anawatama kuti ndi olimba mtima. Mu February 2003, osewera kiriketi a Zimbabwe, Andy Flower ndi Henry Olonga, anavala nsalu zakuda pamkono ku Harare podandaula ndi ulamuliro wa Robert Mugabe. Kunja anawaombera m'manja, kwawo anawatcha ogulitsa dziko, ndipo onse awiri anasamukira ku England. Mu October 2021 zinatembenuka: Quinton de Kock wa South Africa anakana kugwada pomwe bungwe la kiriketi linalamula timu yonse kutero, ndipo nthawi imeneyo wolalatiridwa anali wokana kugwadayo. Mwachidule, wochita zionetsero amakhala ngwazi akamanena za dziko la eni, koma akanena za kwathu timati alibe mwambo.

Nthawi nayo imasintha chigamulo. Mu October 1968 ku Mexico City, Tommie Smith ndi John Carlos anakweza zibakera zovala magolovesi akuda atalandira mamendulo a mpikisano wa mamita 200. Anathamangitsidwa ku Olympics. Mu 2005 sukulu yawo yakale ya San Jose State inawaimikira chipilala. Nawo akuluakulu a NFL, George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis mu May 2020, anavomera poyera kuti analakwa posamvera osewera awo.

Ife Amalawi tili ndi chifukwa chathuchathu chosamalira pa nkhani imeneyi, chifukwa ulemu wokakamiza tinaulawa. Ndi kuno ku Nkhotakota komwe msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party mu 1960 unapatsa Dr Hastings Kamuzu Banda utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse. Pofika 1971 anali Pulezidenti wamuyaya wa dziko, ndipo chipani, mtsogoleri ndi mbendera zinasanduka chinthu chimodzi. Wofunsa funso ankatchedwa chigawenga. A Mboni za Yehova, omwe ankakana kugula makadi a chipani, analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitawotchedwa. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ku Zambia nako, pa mlandu wotchuka wa Kachasu mu 1967, khothi lalikulu linagamula kuti sukulu sinalakwe kuimitsa mtsikana yemwe anakana kuimba nyimbo ya fuko ndi kuchitira sawatcha mbendera chifukwa cha chipembedzo chake.

Tinaonanso kuti zizindikiro za dziko andale amatha kuziseweretsa. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera n'kuika dzuwa loyera lathunthu, ati chifukwa dziko linali litatukuka. Anthu ambiri, kuphatikizapo atsogoleri a mipingo, anakana koma sanamveredwe. Mu 2012, Joyce Banda atalowa m'boma, Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa mbendera ya dzuwa lotuluka. Tsono m'zaka ziwiri zimenezo wokonda dziko anali uti, woimirira njo pamaso pa mbendera yatsopano kapena woikana?

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anayankha kale mbali ina ya funsoli. Gawo 33 limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, gawo 35 ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo gawo 38 ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere. Wosewera savula maufulu amenewa akamavala jezi. Nayenso sapota ali ndi ufulu wake. Angathe kukuwiza, kuimba foni pa wailesi n'kudzudzula, kapena kusiya kugula tikiti. Chomwe sayenera kuchita ndi kugenda, kuopseza banja la wosewera, kapena kupempha boma kuti limange munthu chifukwa cha bondo.

Wosewera nayenso asatenge mzere wa nyimbo ya fuko ngati malo odandaulira chilichonse. Nkhani ya alawansi malo ake ndi patebulo la Football Association of Malawi, Netball Association of Malawi ndi unduna wa zamasewero, ndipo mabungwe amenewa akamalipira nthawi yake, wosewera sangafike poganiza zochititsa manyazi dziko pamaso pa alendo. Koma pali nkhani zina za moyo ndi imfa. Pa 20 July 2011 anthu pafupifupi 20 anafa pa zionetsero m'dziko muno. Abale athu achialubino akhala akuphedwa ndi kufukulidwa m'manda. Wosewera atagwada pa nkhani zotere, kodi tingati wanyoza Malawi?

Nyimbo yathu ya fuko sinama kuti zonse zili bwino. Imatchula poyera mavuto omwe amatisautsa n'kupempha Mulungu kuti atithandize kuwagonjetsa. Munthu wogwada pa nthawi ya pemphero lotere pofuna kukumbutsa anzake za vuto lomwe likupha anthu sanapatuke kwenikweni pa zomwe nyimboyo ikunena. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kutsinidwa kumawawa ngakhale wotsinayo akukufunira zabwino.

Choncho, masapota anzanga a m'mphepete mwa nyanja, tsiku limenelo likadzafika tisadzathamangire kutola miyala. Tidzayambe tafunsa kuti mwanayu akunena chiyani, ndipo zomwe akunenazo ndi zoona kapena ayi. Zikadzakhala zabodza tidzamutsutse ndi mfundo. Zikadzakhala zoona, mkwiyo wathu udzapite kwa amene anabweretsa vutolo, ndipo wosewerayo tidzamusiye amenye mpira wake.