Chitsa cha pa phiri sichinafe

Kuwerenga: Yobu 14:7-9

Akuluakulu anzanga akukumbukira m'mene phiri la Ndirande linkaonekera mu zaka za m'ma 1980, litavala mitengo ya paini yothithikana. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nkhwangwa inali itatsiriza ntchito yake. Phiri la Soche nalonso linametedwa, ndipo nyumba zinakwera m'matsitso popeza m'tauni malo ndi osowa.

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula kwa masiku angapo osalekeza. Matope ndi miyala zinatsika pa Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Makolo akanati wadutsa napolo, monga ananenera ku Phalombe mu 1991. Sindinganame kuti mitengo yokha ikanaletsa mvula yotere. Pali malo ena pamene munthu sayenera kumangapo konse. Komabe phiri la mitengo limamwa madzi pang'onopang'ono, pakuti mizu imagwira dothi ndipo masamba ogwa amachepetsa liwiro la madzi kuti alowe pansi. Ngalande ya simenti imangothamangitsira madziwo kwa mnansi wa kumunsi, mpaka mtsinje wa Mudi kusefukira.

Chaka ndi chaka, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timadzala mitengo. Timajambulitsa, timaimba nyimbo, kenaka timabalalika. Ndani amabwererako mu Okutobala, moto wolusa ndi mbuzi zitadutsa? Ife a mipingo, pamene tikuloza chala ootcha makala, tisaiwale kuti nsima ya pa misonkhano yathu imapsa ndi makala omwewo.

Yobu, ali pakati pa zowawa, anaona kuti mtengo wodulidwa umaphukanso ukangomva chinyontho. Mu 1983 mmishonale wina wa ku Australia, Tony Rinaudo, anazindikira zomwezo ku Maradi m'dziko la Niger, mbande zimene ankadzala zitauma pafupifupi zonse. Tizitsamba timene alimi ankasadza m'minda tinali mphukira za zitsa zamoyo, zokhala ndi mizu yozama kale. Anawalangiza kusiya mphukira zolimba zochepa pa chitsa chilichonse, kudulira zotsalazo, ndi kuziteteza. Njira yosalira ndalamayi inathandiza kubwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni.

Dziko lathu linalonjeza mu 2016 kukonzanso mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Lonjezo lotere silikwaniritsidwa ndi mbande za m'machubu zokha. Pamene panali mitengo yachilengedwe, monga msuku ndi mombo, zitsa zina zikali ndi moyo. Mpingo uliwonse wa m'mphepete mwa phiri ungapemphe chigawo chake kwa a zankhalango ndi mafumu, achinyamata n'kulambula njira zotchinga moto dzinja likangotha, n'kudzala vetiva ndi nsungwi m'zigwembe zimene madzi anakumba.