Nyenyezi zikuthandiza kuyeza zimene telesikopu singaone

Akatswiri a zakuthambo ali ndi njira yoyezera kukula kwa zinthu zakutali zedi zotchedwa quasar, koma zimene akupeza sizikugwirizana ndi chiphunzitso chimene akhala akuchidalira kuyambira 1973.

Quasar ndi phata lowala kwambiri la mlalang'amba. Pakati pake pali black hole, chinthu cha mphamvu yokoka yaikulu moti ngakhale kuwala sikungachithawe. Mpweya wogwera mmenemo umayamba wazungulira ngati chimbale, n'kutentha mpaka kuwala. Chimbalecho chili kutali kwambiri kotero kuti pa telesikopu chimangooneka ngati kadontho.

Chimene chimathandiza n'chakuti mphamvu yokoka imapinda kuwala, monga ananenera Albert Einstein. Mlalang'amba wina ukakhala pakati pa dziko lathu ndi quasar, quasar imodziyo imaoneka pawiri kapena panayi. Chitsanzo chotchuka ndi Einstein Cross, imene John Huchra ndi anzake anaitulukira mu 1985 ndipo imaoneka panayi.

Nyenyezi za mu mlalang'amba wapakatiwo nazonso zimapinda kuwala, iliyonse ngati kagalasi kokulitsira zinthu. Zikamadutsa kutsogolo kwa chimodzi mwa zithunzi zinayizo, chithunzicho chimawala kapena kuzilala chokha, zinzake osasintha. Zimenezi zimatchedwa microlensing, ndipo zinalengezedwa koyamba pa Einstein Cross mu 1989.

Apa ndi pamene pagona muyeso. Chimbale chikakhala chaching'ono, kuwala kumakwera kwambiri ndiponso mofulumira. Chikakhala chachikulu, kusinthako kumakhala kochepa komanso kwapang'onopang'ono. Potsatira kusinthaku kwa zaka zambiri, akatswiri apeza kuti zimbalezi n'zotambalala mtunda umene kuwala kumayenda masiku angapo.

Mu 2010, Christopher Morgan ndi anzake anayeza ma quasar 11 ndipo anapeza kuti zimbale zake n'zazikulu pafupifupi kanayi kuposa mmene kuwala kwake kumasonyezera potsatira chiphunzitso cha Nikolai Shakura ndi Rashid Sunyaev cha mu 1973. Ena akuganiza kuti mpweya wothawa pachimbalepo umamwaza kuwala, n'kuchichititsa kuoneka chachikulu.

Nkhaniyi njofunika chifukwa chiphunzitsocho n'chimene chimathandiza kuwerengera mmene black hole imamezera mpweya ndi kukula. Chikakhala chopelewera, mawerengedwe ambiri ayenera kuunikidwanso. Malo oonera zakuthambo a Vera C. Rubin ku Chile, amene anatulutsa zithunzi zake zoyamba mu 2025, akuyembekezeka kupeza ma quasar otere ochuluka oti ayezedwe.