Kodi mumadziwa? Masiki, choko ndi chisanu cha ku Dedza

Kodi mumadziwa kuti sukulu za m'Malawi zinatsekedwa dziko lisanapeze ngakhale munthu mmodzi wodwala Covid-19? Mtsogoleri wa nthawiyo, Peter Mutharika, analamula kuti zitsekedwe kuyambira pa 23 Marichi 2020. Odwala atatu oyamba anadziwika pa 2 Epulo.

Kodi mumadziwa kuti kuyenda pagulu opanda masiki unali mlandu? Malamulo amene boma linatulutsa mu Ogasiti 2020 anaika chindapusa cha K10,000 kwa wopezeka m'malo a anthu ambiri asanatchinge pakamwa ndi mphuno. Sukulu zitayamba kutsegulidwa pa 7 Seputembala kwa olemba mayeso monga a Sitandade 8 ndi Fomu 4, kenako pa 12 Okutobala kwa ena onse, lamuloli linakalowanso m'kalasi. Apolisi sakanaima pakhomo pa sukulu iliyonse kuyambira ku Linthipe mpaka ku Bembeke m'boma la Dedza. Ntchito yolondera inagwera mphunzitsi, pamwamba pa choko ndi kaundula.

Kodi mumadziwa kuti mphunzitsi wa Sitandade 1 amaphunzitsa ndi milomo? Kuyambira mu 2016, pansi pa National Reading Programme, mwana amayamba ndi maliwu a malembo asanafike pa maphatikizo ndi mawu. Kuti asiyanitse liwu la m ndi la n, mwana amayang'ana pakamwa pa aphunzitsi: pa m milomo imatsekeka, pa n imatseguka pang'ono lilime lili kuseri kwa mano. Pa f mano apamwamba amakhudza mlomo wam'munsi. Tsono tchingani zonsezo ndi nsalu. Aphunzitsi akuti "Tamverani ana inu, mmm", mwana wa kumbuyo akumva kung'ung'udza chabe. Apa mphunzitsi anali ndi njira ziwiri: kusunga lamulo ana osamva, kapena kubwerera chambuyo kufika pa bolodi, kutsitsa masiki kamphindi, kuonetsa liwulo, n'kuikwezanso msanga. Amene anachita chachiwirichi sindingawadzudzule. Lamulolo linalembedwa ngati kuti ntchito zonse zimagwiridwa ndi manja.

Nanga ku Mua, kumunsi kwa mapiri m'boma lomweli la Dedza, kumene kuli sukulu ya ana osamva? Chinenero chamanja sichithera m'manja mokha. Nsidze, masaya ndi milomo zimanyamula mbali ya tanthauzo, ndipo ana ena amawerenga milomo ya wolankhula. Masiki imabisa theka la nkhope.

Kodi mumadziwa kuti tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yaikulu, ndipo nsonga ya phiri lake imafika mamita 2,198? N'chifukwa chake Juni ndi Julayi wa kuno saseweretsa. Mu 2021 mliriwu unakolera kachitatu m'miyezi yomweyo. Azaumoyo ankalangiza kutsegula mawindo kuti mpweya uziyenda, pomwe mwana wabwera opanda juzi, mapazi atachita mbuu. M'mawa wozizira chonchi mpweya wa m'kamwa umasanduka chinyezi, ndipo masiki ya munthu wolankhula mosalekeza imanyowa nthawi yopuma isanakwane. Malangizo ankati yonyowa isinthidwe. Ndi angati anali ndi yachiwiri m'thumba? Ovala magalasi ankaona nkhungu yokhayokha pa bolodi. Kunena chilungamo, ena anaikonda masikiyo chifukwa inkafunditsa mphuno paulendo wa njinga m'bandakucha, komanso inkachepetsa fumbi la choko pofufuta bolodi.

Kodi mumadziwa kuti si mwana aliyense ankayenera kuvala? Mu Ogasiti 2020 mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza kuti ana a zaka 5 kutsika m'munsi asakakamizidwe, a zaka 6 mpaka 11 zizitengera mmene matenda afalira m'dera lawo, ndipo a zaka 12 kupita m'tsogolo azivala ngati akuluakulu. WHO inanenanso kuti masiki yansalu ikhale ya magawo atatu. Atelala a pa msika ankasoka ndi zidutswa za chitenje, ndipo kuti gawo ndi limodzi kapena atatu zinkatengera thumba la kholo.

Kodi mumadziwa kuti sukulu zinatsekedwanso mu Januwale 2021? Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi matendawa. Pa Lilongwe Girls Secondary School atsikana oposa 300 anapezeka nawo. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analamula kuti sukulu ziyambe zaima.

Kodi mumadziwa kuti tsiku lotsegulanso litafika, pa 22 Febuluwale, aphunzitsi ambiri sanagwire choko? Bungwe lawo la Teachers Union of Malawi, motsogozedwa ndi Willie Malimba, linaitanitsa sitiraka. Ankafuna alawansi ya chiopsezo ngati ya azaumoyo, komanso zodzitetezera. Mfundo yawo inali yomveka: munthu woima tsiku lonse m'chipinda chodzaza ana, makamaka kupulaimale kumene kalasi imodzi imatha kupitirira ana 100, sangauzidwe kuti ali pabwino. Boma linati ntchito yawo si ya chiopsezo chachikulu. Ana m'madera ena anachita zionetsero m'misewu pofuna kuti aphunzitsi awo abwerere. Chinawawitsa nkhaniyi n'chakuti m'miyezi yomweyo dziko linkakambirana za K6.2 biliyoni ya Covid-19 imene sinayende bwino, ndipo mbali ina inathera m'maalawansi a akuluakulu a m'maofesi. Mu Epulo nduna ya zantchito, Ken Kandodo, inachotsedwa pa nkhani yomweyi.

Kodi mumadziwa kuti katemera woyamba, wa AstraZeneca wokwana 360,000 kudzera ku COVAX, anafika pa 5 Marichi 2021, ndipo aphunzitsi anaikidwa m'gulu la oyamba kubayidwa? Komabe mantha ndi mphekesera zinabweza anthu ambiri, moti mu Meyi chaka chomwecho boma linaotcha katemera 19,610 amene masiku ake anali atatha.