Chifukwa Chake Malata Ena Amachita Dzimbiri Msanga

Makomiti a chitukuko a m'midzi akamagula malata ofolera midadada ya sukulu, zipatala ndi misika, ambiri amayamba kuyang'ana mtundu wa penti. Komatu kulimba kwa denga kumachokera kufakitale, penti isanapakidwe n'komwe.

Kufakitaleko chitsulo chamoto chimapsinjidwa m'makina, ndipo chikazizira chimatsala ndi khungu lakuda pamwamba. Khunguli limachotsedwa ndi asidi, kenaka chitsulocho chimapsinjidwanso kuti chipyapyale. Pa ntchito yachiwiriyi amathira mafuta, omwe ayenera kutsukidwa onse. Mafuta kapena litsiro likatsalira, zokutira sizigwira bwino, ndipo dzimbiri limayambira pansi pa penti mpaka pentiyo kutukusira ndi kusupuka.

Chitsulo chikayera chimaviikidwa mu zinki wosungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 450. Zinkiyu ndiye mlonda weniweni wa lata: likakandika, iye ndi amene amayamba kudyeka m'malo mwa chitsulo. Chizindikiro cha Z275 chimatanthauza magalamu 275 a zinki pa sikweya mita imodzi, kuphatikiza mbali zonse ziwiri. Malata a aluzinki, omwe amalembedwa AZ, amakutidwa ndi msakanizo wokhala ndi aluminiyamu wokwana 55 pa 100 alionse, ndipo kawirikawiri amakhalitsa kuposa a zinki yekha. Pamwamba pake pamabwera mankhwala ogwiritsa penti, penti yoyamba ndi yomaliza, zomwe zimaumitsidwa mu uvuni.

Choncho malata awiri ofiira mofanana angathe kusiyana zaka zambiri. Geji imangosonyeza kukhuthala: geji 28 ndi yokhuthala kuposa geji 32, koma siinena kuchuluka kwa zinki.

Komiti yogula ifunse wogulitsa za geji ndi kuchuluka kwa zokutira, zilembedwe pa kotesheni, ndipo ione ngati malatawo ali ndi chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards. Malata asasungidwe osanjikizana pamalo onyowa. Amisiri adule ndi sizasi ya malata osati galayinda, chifukwa moto wake umawotcha zokutira, ndipo asese tizitsulo tonse padenga. Aluzinki asakhudzane ndi simenti yaiwisi, komanso sayenera kufolera makola a nkhumba ndi nkhuku.

Denga la sukulu likadontha pakangotha zaka zochepa, mabuku amanyowa, ndipo ndalama zomwe zikadakumba mjigo zimabwerera kukagulanso malata.