Mfundo ya pa Chitenje (Gawo 4)

Pa Golomoti basi yochokera ku Salima ikangoima, umathamanga ndi beseni pamutu usanadziwe n'komwe ngati muli wogula. Mpunga ndimakaoda ku Bwanje, kwa alimi a mu sikimu yomwe imamwa madzi a Namikokwe, n'kuupeta ndekha. Kilombero safuna kunenerera. Ukamasula thumba, fungo limaitana lokha.

Lachisanu limenelo ndinali nditagulitsa theka la thumba pamene mayi wina wa kumudzi kwathu anandikodola, n'kunditengera kuseri kwa golosale.

"Anabanda, kodi mwamva? Amalume anu alandira ndalama."

"Ya chiyani?"

"Ya mng'ono wanu. Mnyamata wabwera kuchokera ku Joni uja. Akuti abwerera naye mwezi usanathe."

Miyendo inachita ngati si yanga. Mng'ono wangayo ali ndi zaka 14, ali Sitandade 8, ndipo yunifolomu yomwe amavala ndinamusoketsera ndine ndi ndalama ya mpunga womwewu.

Mayi ameneyu si mlendo pa moyo wanga. Mu 2016, ndili ndi zaka 15, amalume omwewa anandipereka kwa msodzi wina wa kunyanja. Amene anakanena kwa Inkosi Theresa Kachindamoto anali mayiyu, pakuti Inkosi inali ndi maso ake obisika m'midzi, amayi ndi abambo omwe ankaona mtsikana akasowa m'kalasi. Nthawi imeneyo Inkosiyo inali itathetsa kale maukwati a ana oposa 800, ndipo nyakwawa yolekerera zimenezi inkaimitsidwa paudindo. Ukwati wanga unatha pabwalo, anthu akuona. Ndinabwerera kusukulu ndili ndi khanda, agogo akundilerera. Sindidzaiwala tsiku lomwe mkaka unadontha n'kunyowetsa yunifolomu ndili pabolodi, anyamata n'kufa nalo phwete. Ndinapinda manja pachifuwa, n'kumaliza samuyo. Mawa lake ndinapitanso. Ndinafika Fomu 3, fizi n'kundithawa. Banki mkhonde ndiyo inandipatsa thumba loyamba la mpunga.

Koma Inkosi inatisiya mu Ogasiti 2025. Chiyambireni maliro aja, ena ayamba kuyankhula mokweza zomwe ankanong'ona.

Ndinasungitsa thumba, n'kukwera kabaza. Tinadutsa mapanelo a sola aja amene anayamba kupereka magetsi mu 2022, mamegawati 20 akunyezimira padzuwa (ife kumudzi tikadali pa tochi ya mabatire), kenako pa mphambano yokwerera ku Mua, mpaka kwathu cha ku Mtakataka.

Amalume ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka khoka la munthu. Ndinagwada patali pang'ono, monga mwa mwambo.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

"Taswera. Lero msika watha msanga?"

"Ndamva za mwanayu."

Sanadzutse mutu. "Mbumba ndi yanga. Chimanga chinapsa ndi dzuwa, mayi ako akudwaladwala. Udyetsa ndiwe anthu onsewa ndi kabeseni kako?"

"Ndikudyetsa kale, amalume. Ndalamayo ndi zingati? Ndibweza ine."

Apa ndiye anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Ina inagula malata, ina feteleza. Ubweza malata ali padenga? Ndipo iwe, amene ankakuimira uja anagona. Ukanena kwa yani?"

"Lamulo silinagone. Kuyambira 2017 ngakhale malamulo aakulu a dziko amati wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mpando wa ku Mtakataka ulipo, apolisi aliponso."

Mawu anga ankanjenjemera, koma anatuluka. Zaka zonsezi ndinali ndisanawayankhepo amalume choncho, ndipo ndinaona singano itaima m'manja mwawo. Mayi anga anali pakhonde akutongola mtedza. Sanatukule maso, sananene kanthu. Chete wawoyo ndi amene anandiwawa kuposa mawu a amalume.

Mng'ono wanga ndinamupeza kuseri kwa nyumba, akutsuka mbale zotsukidwa kale. M'chitenje mwake munali kanthu kolimba.

"Chimenecho n'chiyani?"

Anatulutsa foni. Yatsopano, pepala la pagalasi lisanamatulidwe.

"Achemwali, akuti ku Joni kuli masukulu abwino. Akuti ndikapitiriza konko."

"Inenso anandiuza kuti ndizikaphunzira kunyanja. Ndinakaphunzira kuyanika usipa."

Anatsinzina, misozi n'kutsika. "Inu munabwerera kusukulu, mwathera pa msika. Ine ndithere pati?"

Funso limenelo linandilasa, ndipo yankho lokoma ndinalibe. Ndinangomuonetsa zikhatho zanga, zokakala ndi lichero, n'kumuuza kuti ndalama ya m'manja amenewa palibe amene amandiwerengera, palibenso amene amandimenya nayo. Kaya anamva. Tinapangana kuti kukacha, belu la ku Mua lisanalire la Misa ya m'mawa, tikhala tili panjira kukanena. Foniyo ndinailanda, n'kuiika pansi pa mtsamiro wanga.

Usiku ndinayala mphasa imodzi. Iye atagona, ndinamanga nsonga ya chitenje chake ku dzanja langa, mfundo ziwiri, monga agogo ankandichitira pa maliro ndili wamng'ono kuti ndisasochere. Kunja kunali kutentha kwa kunyanja kuja kosapereka mpata. Ndinalumbira kuti sindigona. Koma thupi lomwe lanyamula beseni tsiku lonse silimva malumbiro.

Chinandidzutsa ndi kulira kwa njinga yamoto cha kumsewu, ikulira motsitsa ngati ya munthu wosafuna kumveka. Ndinakoka dzanja. Chitenje chinabwera chopepuka. Ndinayatsa tochi: mfundo yanga inali momwemo, sinadulidwe; iye anangochivula n'kuchisiya. Pamphasa panali pofundabe. Ndinapisa pansi pa mtsamiro. Foni panalibe.

Ndinathamangira kukhomo, n'kupeza chitseko chili chotsegula kale. Pakhomopo panaima munthu, manja atagwira mbali zonse ziwiri za felemu.

"Amayi, patukani!"

"Usatuluke, mwana wanga," anatero mayi anga monong'ona. "Amene wamutengayo si wa ku Joni uja."

Nkhaniyi ipitirira.